Kuchokera pa mbale ya phala mpaka kundende ya Kamiti

M'chaka cha 1834 boma la Britain linakhazikitsa lamulo latsopano lokhudza amphawi ku England. Wofuna thandizo ankayenera kulowa m'nyumba zogwiriramo ntchito, kumene mwamuna ankalekanitsidwa ndi mkazi wake, ana ndi makolo awo, chakudya chili chongolawa, n'cholinga choti anthu aziopa kupempha. Mu 1837 Charles Dickens anayamba kutulutsa Oliver Twist m'magazini, gawo ndi gawo. Owerenga anaona kamwana kamasiye kataima ndi mbale yopanda kanthu m'manja, kakupempha kuti akaonjezere phala, akuluakulu n'kuchita kukamwa yasaa ngati kapha munthu. Dickens umphawi sanachite kuumva kwa ena. Ali ndi zaka 12, bambo ake atatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea chifukwa cha ngongole, iye ankamata timapepala pa mabotolo a polishi wa nsapato.

Lamulo limatchula anthu mwachigulu, koma buku la nkhani yopeka limakupatsa munthu mmodzi ndi dzina lake, ndipo ukayenda naye masamba mazanamazana sungamutaye. Harriet Beecher Stowe anagwiritsa ntchito nzeru imeneyi ku America. Lamulo la 1850 linkakakamiza ngakhale anthu a m'madera opanda ukapolo kubweza akapolo othawa. Mu Uncle Tom's Cabin, la 1852, kapolo wothawa Eliza akuwoloka mtsinje wa Ohio podumpha pa zibenthu za madzi oundana, mwana ali m'manja, kuti asagulitsidwe. M'chaka choyamba chokha mabuku pafupifupi 300,000 anagulidwa ku America. Komabe Stowe anali mzungu wolankhulira ena, ndipo mu 1949 James Baldwin analidzudzula bukuli poona kuti anthu akuda a mmenemo ndi ongomvetsa chisoni, osati anthu athunthu. Ine ndikuona kuti onse awiri ananena zoona.

Ku France, Victor Hugo anatulutsa Les Misérables mu 1862, nkhani ya Jean Valjean amene anakhala m'ndende zaka 19, chiyambi chake chili kuba buledi.

Nthawi zina uthenga umagwera pomwe wolemba sanalozepo. Upton Sinclair anakhala milungu 7 pakati pa ogwira ntchito m'mafakitale a nyama ku Chicago, n'kulemba The Jungle, lomwe linatuluka mu 1906. Iye ankalira anthu odulidwa zala ndi ochotsedwa ntchito akavulala. Owerenga chinawanyansa ndi nyama yowola yomwe ankadya. Chaka chomwecho malamulo oyendera nyama ndi zakudya anakhazikitsidwa, pomwe antchito aja anatsala momwemo.

Kenako cholembera chinafika m'manja mwa eni mavuto. Peter Abrahams, wokulira ku Vrededorp mu Johannesburg, anatulutsa Mine Boy mu 1946, zaka ziwiri chipani cha National chisanatenge boma n'kukhwimitsa tsankho. Xuma, mnyamata wochokera kumudzi, akuona mnzake wa mumgodi akutsokomola magazi koma akubisa, kuopa kuti amuchotsa ntchito. Bukuli kwa ife si lachilendo. Azigogo athu ambiri anapita ku Joni kudzera ku Wenela, ena n'kubwerako ndi wilesi ndi njinga, ena ndi chifuwa chomwecho.

Ufulu utabwera m'maiko a mu Africa, wopondereza anasintha nkhope, ndipo kulemba kunayamba kuika moyo pachiswe. Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya, mu Petals of Blood la 1977, analoza chala Akenya anzake olemera amene ankalanda minda ya alimi a ku Ilmorog. Kumapeto kwa chaka chomwecho, atachititsa sewero la m'Chikikuyu ndi anthu a ku Kamĩrĩĩthũ, anamutsekera ku Kamiti popanda kuzengedwa mlandu. Mmenemo anatsimikiza zolemba nkhani m'chilankhulo cha amayi ake, kuti omwe akuwanenawo amve okha. Analemba buku pa mapepala a kuchimbudzi, ndipo litatuluka mu 1980 anthu ankawerengerana mokweza m'nyumba ndi m'malo omwera mowa, osadziwa kuwerenga ali tcheru.

Mu 1986 anatulutsa Matigari. Malinga ndi Ngũgĩ mwini, apolisi atamva anthu akukamba za munthu wina woyendayenda m'dziko kufunsa za choonadi ndi chilungamo, analamulidwa kuti akamumange. Atazindikira kuti munthuyo ali m'buku, mu 1987 anazungulira m'masitolo n'kulanda mabukuwo.