Makochi osalandira malipiro: mbiri ya mpira wa ana ku Petauke ndi Nyimba

Mpira wa ana m'maboma a Petauke ndi Nyimba wakula m'manja mwa anthu osalembedwa ntchito ya ukochi ndi aliyense. Ena ndi aphunzitsi a pasukulu, ena ndi alimi kapena ogulitsa pamsika amene ankaumenya ali anyamata. Ana amangowatchula kuti akochi.

Mbiri yawo imamveka bwino ikayikidwa pambali pa ya ku migodi. Bungwe loyendetsa mpira m'dziko la Zambia, lomwe lero ndi FAZ, linakhazikitsidwa mu 1929, ndipo ligi ya dziko lonse itayamba mu 1962, chikho choyamba chinapita kwa Roan United ya ku Luanshya. Ku Copperbelt makampani a migodi ankalambula mabwalo, kugula mipira ndi majezi, ndi kulipira anthu oyang'anira masewera a ana a antchito awo. Mwana wa luso ku Mufulira kapena ku Kitwe ankaoneka msanga.

Kummawa kunalibe zimenezo. Petauke ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Lusaka, ndipo chuma chake, monganso cha Nyimba, chili m'munda: chimanga, mtedza, thonje, ndi nthochi zodziwika zija za pamsewu wa Great East. Kuno mpira unafala kudzera m'sukulu, za mishoni poyamba kenako za boma, komanso mwa amuna obwerera kumudzi kuchokera ku migodi. Mphunzitsi wa kalasi ndiye anali kochi, woyimbira ndi msungichuma nthawi imodzi.

Migodi itayamba kufooka, mpaka kampani ya migodi ya ZCCM kugulitsidwa pofika 2000, ndalama za mpira wa ana zinauma, ndipo dziko lonse linagwa m'moyo umene Ansenga a ku Petauke ndi Nyimba anauzolowera kale. Mabungwe monga EduSport ndi Sport in Action anabadwa ku Lusaka m'zaka za m'ma 1990, akudalira achinyamata odzipereka kuti aziphunzitsa anzawo. Timatimu ta m'makomboni tinasanduka nkhokwe ya luso: Barbra Banda anadutsa ku Bauleni United, Patson Daka ku Kafue Celtic. Pa 12 Malichi 2017, pamene timu ya Zambia ya osapitirira zaka 20 inagonjetsa Senegal 2-0 ku Lusaka n'kutenga chikho cha Africa, munali Fashion Sakala, wobadwira ku Chipata. Ana a kummawa anaona kuti njira ilipo.

Ntchito yeniyeni ya kochi wa kumudzi yambiri imachitikira kunja kwa bwalo. Dzinja likatha udzu umakhala utafika m'chiuno, ndipo ndi iye amene amasonkhanitsa ana ndi zikwakwa, kudula mitengo ya magolo, ndi kulemba mizere ndi phulusa. Mpira wa kusitolo ukaphulika, amabwerera ku chimpombwa, mapulasitiki okulunga n'kumanga ndi zingwe. Chovuta koposa ndi makolo. Mnyamata amafunika kubusa, mtsikana kuchitsime, ndipo kochi amayenda khomo ndi khomo, kukhala pansi ndi kupempha mwaulemu kuti mwana amasulidwe dzuwa likapendeka. Kwa atsikana pempholi n'lolemera kwambiri, pakuti m'chigawo chino ukwati wa ana aang'ono ukadali vuto, ndipo timu imathandiza kuti mtsikana asatalikirane ndi sukulu. Tsiku la masewero a kutali, ndalama ya lole imasonkhedwa pang'onopang'ono, yotsalayo n'kutuluka m'thumba la kochi yemweyo.

Malamulo a FIFA, kuyambira 2001, amati wosewera akagulitsidwa kunja ali pa kontirakiti, magawo 5 pa 100 alionse a ndalamazo azigawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira ali ndi zaka 12. N'lamulo labwino, koma limatsata mapepala. Timu ya kumudzi yosalembetsa ku FAZ siwoneka m'kaundula wa wosewerayo, choncho munthu amene anaphunzitsa mwana kuimitsa mpira sapezapo ngakhale ngwee. Ichi n'chifukwa chake kulembetsa matimu a ana, ndi kubweretsa maphunziro a ukochi ku Petauke ndi Nyimba m'malo moti munthu azikwera basi kupita ku Chipata kapena ku Lusaka, n'kofunika kuposa mphatso za majezi zimene zimabwera nyengo ya kampeni.