Medicago truncatula

Medicago truncatula ndi chomera chaching'ono cha m'gulu la nyemba chomwe chimamera chokha m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Ndi chachibale ndi alfalfa (Medicago sativa), msipu womwe alimi a m'mayiko ambiri amadyetsa ng'ombe. Dzinali analipereka ndi katswiri wa zomera wa ku Germany, Joseph Gaertner.

Maonekedwe

Chomerachi chimakhala ndi moyo nyengo imodzi yokha ndipo chimatalika masentimita 10 mpaka 60. Tsamba lililonse lili ndi timasamba titatu. Maluwa ake ndi aang'ono, achikasu. Makoko ake ndi aminga, opiringizika ngati kamgolo, ndipo amakanirira ku ubweya wa nkhosa, zomwe zimathandiza kuti njere zifalikire kutali.

Kubwezeretsa chonde m'nthaka

Mpweya womwe timapuma uli ndi nayitirojeni wambiri, koma zomera sizingamugwiritse ntchito mwachindunji. Mizu ya Medicago truncatula imagwirizana ndi mabakiteriya a m'nthaka otchedwa Sinorhizobium meliloti. Mabakiteriyawa amalowa m'mizu n'kupangitsa timatuza tating'ono. M'timatuzamo amasandutsa nayitirojeni wa mumpweya kukhala chakudya cha chomera, pamene chomeracho chimawapatsa shuga. Chikafa n'kuwola, nayitirojeni uja amatsala m'nthaka. Mtedza, soya, nandolo ndi khobwe zimachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake alangizi a zaulimi amalimbikitsa kasinthasintha wa mbewuzi ndi chimanga.

Ntchito zake

Ku Australia chomerachi chimadzalidwa ngati msipu wa nkhosa m'minda yomwe amalimamonso tirigu. Mtundu wake wodziwika kwambiri kumeneko ndi Jemalong.

Akatswiri a sayansi amachigwiritsa ntchito pofufuza chibadwa cha mbewu za m'gulu la nyemba. Alfalfa ndi wovuta kumufufuza chifukwa ali ndi ma chromosome 32 ndipo amadalira tizilombo touluka kuti tisamutse mungu kuchoka pa chomera china. Medicago truncatula ali ndi ma chromosome 16, amabereka ndi mungu wake womwe, ndiponso amakhwima m'miyezi yochepa. Ndondomeko ya DNA yake inasindikizidwa mu 2011 m'magazini ya sayansi ya Nature.

Kafukufukuyu akuthandiza kumvetsa momwe mizu imazindikirira mabakiteriya oyenera ndi kuwalola kulowa. Cholinga china n'chakuti mbewu ngati chimanga nazo zidzathe kudzipezera nayitirojeni, kuti alimi asamadalire kwambiri feteleza wogula.