Reese Witherspoon

Reese Witherspoon, wobadwa pa 22 Malichi 1976 mumzinda wa New Orleans ku America, ndi katswiri wa zisudzo za pakanema amene analandira mphoto ya Oscar mu 2006 atasewera ngati woimba June Carter mufilimu ya Walk the Line. Poona kuti amayi ankapatsidwa mbali zochepa ndiponso zopanda mnofu, iye anasanduka mkonzi wa mafilimu, kutanthauza munthu wosankha nkhani, wofunafuna ndalama ndi wolemba ntchito osewera, ndipo mu 2016 anakhazikitsa nawo kampani ya Hello Sunshine, yomwe imasandutsa mabuku olembedwa ndi amayi kukhala mafilimu. Mu 2018 anali m'gulu la oyambitsa Time's Up, bungwe lomwe linkalimbana ndi mchitidwe wozunza amayi kuntchito.