Masipuling'i a ku Sozibele

Mvula ya mu April ikakhazikika ku Mzuzu, tinjira tolowa mu Salisbury Lines timayesa galimoto iliyonse. Derali lili m'dambo, madzi sachedwa kusefukira, ndipo pamene dzulo panali njira yosalala lero pamakhala ngalande. Sienta ya takisi imalowa mosamala, Probox yodzaza matumba imadutsa ikudendekera. Yovutika kwambiri ndi Altezza yotsitsidwa. Dalaivala amaipingasa, tayala limodzi kaye kenako linalo, komabe pansi pamamveka kuti khwee, ekizozi ikupala nthaka. Pa M1 galimoto yomweyi imathamanga ngati mphepo. Pano ikuyenda ngati nkhalamba yodwala nyamakazi, ndipo vuto lake lonse lili pa zitsulo ziwiri zobisika kuseri kwa tayala: sipuling'i ndi shock.

Anthu a mumzindamu amangoti ku Sozibele. Dzinali limakumbutsa Salisbury, likulu la Southern Rhodesia lomwe linatchedwa Harare mu 1982, kumene mibadwo ya Amalawi inkapita kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makomo a azungu. Mzuzu weniweniyo si wakale. Anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pozungulira minda ya mitengo ya tung, ndipo anakhala mzinda mu 1985. Kwa zaka zambiri misewu yopita ku Nkhata Bay, ku Rumphi ndi ku Mzimba inali yafumbi m'chilimwe, yamatope m'dzinja.

Galimoto za nthawi imeneyo, Land Rover yomwe inatuluka mu 1948 ndi malole a Bedford, zinkakhala pa masipuling'i a mapale: zitsulo zazitali zosanjikizana, zomangidwa pakati ndi bawuti, lalitali pamwamba, lalifupi pansi. Ubwino wake unali wakuti munthu ankatha kulimbana nazo ndi manja. Pale lalikulu likathyokera kutchire, dalaivala ndi wothandizira wake ankakweza galimoto ndi jeke, n'kulowetsa chipika cha mtengo pakati pa ekiselo ndi chasisi, n'kumanga ndi malegeni a chubu mpaka akafike m'tauni. Kumeneko makaniko ankamasula mtolo wonse, n'kuyala mapalewo pansi motsatana. Pale lomwe lagona ankaliika pa chidutswa cha njanji n'kumalimenya ndi hamala yaikulu, chikhatho ndi chikhatho kuyambira pakati, mpaka uta wake ubwerere. Muyeso unali mzere wa choko wojambula pa simenti. Mwini matola akafuna kunyamula katundu woposa, ankapempha kuti awonjezerepo pale limodzi kapena awiri ochokera ku lole yakufa. Galimoto inkakwera msinkhu, inkauma msana, koma inkafika. Mapalewo akamakhulana ankachepetsa okha kudumpha, n'chifukwa chake eni galimoto ambiri ankayenda miyezi ndi ma shock akufa osadziwa n'komwe.

Umenewu unali umisiri wa osula zitsulo, m'bale wake wa wosula makasu ndi nkhwangwa.

Phunziro lalikulu la galimoto yaliwiro pa misewu ya kuno linabwera ndi Peugeot. Pa mpikisano wa East African Safari, wodutsa m'misewu yoipa ya Kenya, Uganda ndi Tanzania, Peugeot 404 inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Kawiri mwa maulendo amenewa woyendetsa anali Bert Shankland wa ku Tanzania. Mng'ono wake wa 404, Peugeot 504, anatuluka mu 1968 ndipo anapambana mpikisano womwewo mu 1975 ali m'manja mwa Ove Andersson. Galimotozi sizinali zotsika kapena zouma. Zinali ndi masipuling'i ozungulira, ofewa ndi aatali, komanso ma shock amphamvu omwe Peugeot inkapanga yokha. Tayala linkatsikira m'dzenje n'kubwerera bodi isanamve kanthu. Madala amene anayendetsapo 504 m'zitunda za Viphya amaikumbukirabe chifukwa cha zimenezi.

Chinsinsi chake n'chosavuta. Sipuling'i imanyamula kulemera kwa galimoto, koma ikapanikizidwa imabweza, n'kubwezanso, ngati mwana wodumpha pa matiresi. Ntchito ya shock ndi kuletsa kubwezako. Mkati mwake muli pisitoni yokankha oyilo kudzera m'timabowo ting'onoting'ono. Pa msewu wa mabampu osatha oyiloyo amatentha n'kuchita thovu, ndipo shock imafooka pamene ikufunika kwambiri. Mfalansa Christian Bourcier de Carbon anapeza njira yopanikizira oyiloyo ndi mpweya wa nayitirojeni kuti asachite thovu. Kampani ya Bilstein ku Germany inatenga nzeruyi, ndipo mu 1957 Mercedes-Benz inayamba kuika ma shock otere m'galimoto zake. Nayenso Earle MacPherson wa ku America anali ataphatikiza sipuling'i ndi shock kukhala mwendo umodzi, womwe unaoneka pa Ford Consul mu 1950. Mwendo umenewu ndi womwe uli kutsogolo kwa pafupifupi takisi iliyonse ya mu Mzuzu lero. Umabwera wotsekeratu kufakitale, ndipo hamala ilibe nawo ntchito.

Zinthu zitamasuka pambuyo pa 1994, galimoto zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan zinayamba kusefukira, makamaka intaneti itafika ndipo anthu atayamba kuitanitsa okha ku makampani ngati Be Forward. Zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, kudzera ku Mbeya, kulowa pa Songwe, kukwera phiri la Chiweta, ndipo mzinda woyamba kuzilandira ndi Mzuzu. Mumtsinje umenewu, pakati pa ma Vitz ndi ma Passo, munabweranso galimoto za anyamata okonda liwiro: Subaru Impreza WRX ya kuyambira 1992, Toyota Altezza ya 1998, Mark X ya 2004. Zinapangidwira phula losalala la kwawo, kumene lamulo limalola galimoto kutsika mpaka masentimita 9 kuchokera pansi. Zina zimafika eni ake oyamba atazimanga kale miyendo yaifupi ya kampani ya Tein. Masentimita 9 ndi kutalika kwa chala chapakati ndi pang'ono. Mahampu ena a m'tauni amaposa pamenepo.

Apa ndi pamene luso la makaniko linasamukira m'maso ndi m'mutu. Wodziwa ntchito sayamba ndi sipanala. Amatsamira pakona ya galimoto ndi thupi lonse, n'kuisiya: ikakwera kamodzi n'kukhazikika, mwendowo ukadali ndi moyo, ikapitiriza kuvina, shock yapita. Amalowetsa dzanja kuseri kwa tayala kufufuza oyilo wosakanikirana ndi fumbi pa thupi la shock. Amasisita tayala ndi chikhatho, chifukwa tayala lodumphadumpha limadyeka mabangamabanga. Kenako amafunsa nambala ya chasisi. Altezza si imodzi: ya SXE10 ili ndi injini ya masilinda anayi, ya GXE10 ili ndi asanu ndi limodzi, ndipo chitsulo chongofanana maonekedwe sichokwanira. Amaumiriranso kuti bwana agule miyendo iwiri, wamanzere ndi wamanja, chifukwa mwendo watsopano mbali imodzi ndi wotopa mbali inayo zimakoka galimoto pa mabuleki.

Pamsika pali zonse. Pali ma shock a kaunjika ochotsedwa ku galimoto zophwasulidwa, omwe amapenta n'kuoneka atsopano koma palibe angadziwe mtunda umene ayenda. Pali a m'makatoni a mayina odziwika, KYB, Monroe ndi Gabriel, ndipo pali akuba amene amakopera makatoniwo. Shock ya gasi yeniyeni ukaipanikiza ndi dzanja imalimba mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo ukaisiya imatuluka yokha pang'onopang'ono. Ikadumpha malo kapena kulira mluzu wa mpweya, ndalama zisatuluke m'thumba.

Zolakwa zazikulu zilipo ziwiri, ndipo zonse zimachokera ku mtima wakale wokonza chitsulo ndi manja. Choyamba ndi kudula sipuling'i ndi galayinda kuti galimoto igwade. Sipuling'i yodulidwa imauma, mpata woti tayala likwere umachepa, ndipo shock yopangidwira sipuling'i yofewa imalephera kuigwira. Pa dzenje loyamba la msewu wa ku Chikangawa mwendo umagunda pamapeto pake, tayala limasiya nthaka, ndipo pa liwiro la galimoto zimenezi kamphindi kameneko n'kokwanira kupha anthu. Chachiwiri ndi kukweza mopyola muyeso ndi ma spacer. Zala ziwiri zimapulumutsa sampu ku Sozibele popanda kuononga kanthu kwenikweni, koma chikhatho chathunthu chimapotoza ma CV joint a Subaru, chimadya mabushi, ndipo galimoto imayamba kuyepa pa makona a ku Nkhata Bay.

Kwa galimoto yaliwiro yogona ku Salisbury Lines, chisankho chanzeru chimayandikira kwa Peugeot kuposa kwa anyamata a ku Tokyo: masipuling'i a msinkhu wa kufakitale, ma shock a gasi ogwirizana nawo, mabushi ndi ma mounting atsopano, kenako alayimenti tsiku lomwelo. Pomanga mwendowo pamafunika chopanira sipuling'i chenicheni. Anyamata ena amamanga ndi waya kapena chingwe, koma sipuling'i yopanikizidwa ikapulumuka imathyola nsagwada.

Hamala sinatheretu ntchito. Kumbuyo kwa Hilux, Canter ndi Dyna zonyamula matabwa, mchenga ndi nthochi kukadali mapale, ndipo m'magalaja a pansi pa mitengo chidutswa cha njanji chikadalipo. M'mawa wina makaniko yemweyo amawongola pale la lole ndi mzere wa choko, masana n'kutenga foni kufufuza nambala ya mwendo wa Mark X kwa wogulitsa wa ku Dar es Salaam.