Mitundu ya Nyimbo za Country ndi Kumene Inachokera

Nyimbo za country zinaphukira kummwera kwa dziko la United States, makamaka kumapiri a Appalachia, pakati pa alimi osauka. Anthu ochokera ku Britain ndi Ireland anabweretsa vayolini ndi nyimbo zosimba nkhani, pomwe banjo inabwera ndi akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa. Mu 1927, Ralph Peer anajambula Jimmie Rodgers ndi banja la Carter m'tauni ya Bristol ku Tennessee, ndipo nyimbo za pakhonde ndi za kutchalitchi zinayamba kugulidwa kwambiri pa mbale za galamafoni.

Kuyambira pamenepo, mtundu uliwonse unkaumbidwa ndi malo amene unkaimbidwirako. M'maholo ovinira a ku Texas ndi Oklahoma, m'zaka za m'ma 1930, Bob Wills anasakaniza vayolini ndi jazi n'kutchukitsa western swing. Bill Monroe wa ku Kentucky ndiye anayambitsa bluegrass, yoimbidwa mothamanga ndi zida zosagwiritsa ntchito magetsi. Kamvekedwe kake kanakhwima mu 1945, Earl Scruggs atalowa m'gulu la Monroe ndi luso lokhwatcha banjo ndi zala zitatu.

M'malo omwera mowa munali phokoso, choncho oimba anayamba kugwiritsa ntchito magitala amagetsi kuti amveke. Umo ndi mmene munabadwira honky-tonk, nyimbo za kusweka mtima, uchidakwa ndi kusungulumwa. Ernest Tubb anaitchukitsa, koma amene anaifikitsa pachimake ndi Hank Williams, yemwe anamwalira mu 1953 ali ndi zaka 29.

Rock and roll italanda achinyamata m'zaka za m'ma 1950, Chet Atkins ndi Owen Bradley anafewetsa nyimbozi powonjezera piyano ndi mawu othirira mang'ombe. Iyi ndiyo Nashville sound ya Jim Reeves ndi Patsy Cline. Kufewa kwakeko ndi kumene kunaithandiza kuoloka nyanja, moti mawu a Jim Reeves, ndipo pambuyo pake a Don Williams, anazolowereka pa wailesi za ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe.

Ena anaona kuti nyimbozo zataya mchere. Ku Bakersfield, California, Buck Owens ndi Merle Haggard anabwezeretsa gitala yolira mwaukali. M'zaka za m'ma 1970, Willie Nelson ndi Waylon Jennings anakana kulamulidwa ndi makampani a ku Nashville, n'kuyamba kujambula mwa kufuna kwawo. Mtundu wawowo unatchedwa outlaw country.