Cha Tonse ndi Chopanda Mwini

M'chaka cha 1968 katswiri wa sayansi ya zamoyo wa ku America, Garrett Hardin, adalemba nkhani m'magazini ya Science imene mpaka lero amaiwerenga onse ophunzira za kasamalidwe ka chilengedwe. Adapereka chitsanzo cha dambo limene aliyense amaloledwa kudyetsamo ziweto. Mbusa akawonjezera ng'ombe imodzi, phindu la ng'ombeyo ndi lake yekha, koma kuchepa kwa msipu amagawana ndi abusa onse. Choncho aliyense amawonjezera, mnzakenso chimodzimodzi, mpaka dambo lisanduka fumbi. Ganizoli lidatchuka ndi dzina loti tsoka la chuma cha tonse, ndipo otsatira ake adati mankhwala alipo awiri okha: boma litenge dambolo n'kuikapo malamulo ake, kapena alidule m'zigawo aliyense akhale ndi chake.

Amene adagwedeza ganizo limeneli ndi Elinor Ostrom, katswiri wa zandale wa ku yunivesite ya Indiana. Buku lake la Governing the Commons lidatuluka mu 1990, ndipo mu 2009 adakhala mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma. Mawu ambiri amene lero amamveka m'misonkhano ya zausodzi, zankhalango ndi zaulimi wothirira adachokera m'ntchito yake ndi ya anzake.

Akatswiriwa akafuna kudziwa mtundu wa chuma amafunsa mafunso awiri. Kodi n'chapafupi kuletsa munthu kuchigwiritsa ntchito? Nanga wina akatapako, chimachepa kwa enawo? Chimanga cha m'nkhokwe mwako ungaletse anthu, ndipo chimachepa. Mawu a pawailesi sungaletse munthu kuwamva, komanso sachepa ngakhale mudzi wonse utchere khutu. Koma nsomba za m'nyanja, nkhuni za m'phiri ndi madzi a mumtsinje zili ndi mavuto onse awiri: kuletsa anthu n'kovuta, ndipo chambo chimene chalowa m'khoka mwako sichidzalowanso mwa mnzako. Chuma chotere amachitcha chuma chogawana, ndipo nkhondo zambiri za chilengedwe zimamenyedwera pamenepa.

Cholakwa cha Hardin chidali kusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Pali chuma chopanda mwini, chimene aliyense wobwera angatape mmene akufunira popanda womufunsa. Palinso chuma cha gulu, chimene eni ake ndi odziwika, malire ake ndi odziwika, ndipo pali malamulo a katapidwe. Dambo la Hardin lidali lopanda mwini. Iye mwini pambuyo pake adavomera kuti ankanena za chuma chosayang'aniridwa. Koma ganizo lidali litayenda kale, ndipo m'maiko ambiri nkhalango zimene midzi inkasamala zidalowa m'manja mwa maboma amene adalibe alonda okwanira. Pa pepala nkhalangozo zidapeza mwini wamphamvu. Kutchire zidasanduka zopanda mwini, chifukwa amene ankazilondera adauzidwa kuti sizawonso. Aliyense amene adamvapo munthu akudula mtengo n'kunena kuti "ndi za boma izi" akudziwa mmene zimathera.

Ostrom adasonkhanitsa umboni wa malo amene chuma cha gulu chidakhala zaka zambiri, kwina mazanamazana, osatha. M'mudzi wa Törbel, m'mapiri a ku Switzerland, muli lamulo la mu 1517 loti munthu asatumize kubusa la mudzi ng'ombe zoposa zimene angathe kuzidyetsa yekha m'nyengo yozizira. Lamuloli ndi lanzeru chifukwa kunama n'kovuta: udzu umene wasunga aliyense amauona. Ku Alanya, m'dziko la Turkey, asodzi adathetsa mikangano yolimbirana malo abwino pochita maere mwezi wa Seputembala uliwonse. Aliyense ankayambira pamalo amene maere amugwera, kenako tsiku lililonse ankasunthira pamalo otsatira. Palibe amene ankafunika kulipira mlonda, pakuti amene mawa ndi tsiku lake pamalo a nsomba zambiri sankalola kuti wina akhalepo.

Ife sitifunika kuwoloka nyanja zamchere kuti tione zotere. Pachilumba cha Mbenje, m'boma la Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka ndi kutsegula usodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1950. M'nyengo ya mvula asodzi onse amachoka pachilumbapo kuti utaka uswane, ndipo amabwerera pa mwambo wotsegulira. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Akatswiri akunja amabwera kudzaphunzira pamenepa. Komabe tisabise kuti limodzi mwa malamulo a pachilumbachi limaletsa amayi kupondapo, chonsecho amayi ndiwo ambiri pa ntchito yowamba ndi kugulitsa nsomba. Malire aliwonse amasiya wina kunja, ndipo funso loti watsala kunja ndani liyenera kufunsidwa ngakhale pamene nsomba zachuluka.

Mdani wamkulu wa dongosolo lililonse lotere ndi amene akatswiri amamutcha wokolola posalima: amene amasangalala kuti anzake aleka kupha nsomba, iye n'kumapalasa bwato usiku. Mmodzi yekha sangathe nsomba za m'nyanja. Chimene amapha ndi chikhulupiriro, chifukwa msodzi wosunga lamulo akaona mnzake akulemera ndi kuba, mawa nayenso aponya ukonde. N'chifukwa chake mwa mfundo 8 zimene Ostrom adapeza m'madongosolo olimba, ziwiri zimakhudza munthu ameneyu. Yoyamba ndi ulonda wochitidwa ndi eni chuma kapena anthu amene eniwo angawadzudzule. Yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti ndi yakuya koposa, ndi chilango chokwerakwera. Wolakwa koyamba amachenjezedwa kapena kulipitsidwa pang'ono. Akabwereza chilango chimakula. Cholinga chake n'chakuti wolakwayo adziwe kuti waonedwa, ndipo enawo adziwe kuti lamulo lili moyo. Kuwotcha maukonde a munthu amene ana ake agona ndi njala, pa kulakwa koyamba, kumabala mdani wa lamulo, ndipo mudzi umayamba kubisa olakwa.

Pali mawu ena amene amamveka a sayansi kwambiri: mlingo waukulu wa nsomba zimene zingaphedwe chaka ndi chaka popanda kutha mbewu. Ganizo lake ndi lomveka, koma limadalira kuwerenga nsomba zimene palibe akuziona. Ku Newfoundland, m'dziko la Canada, boma lidali ndi asayansi, zombo zofufuzira ndi malamulo, koma mu 1992 lidakakamizika kutseka usodzi wa nsomba za cod, ndipo anthu oposa 30,000 ntchito idawathera. Asodzi a mabwato ang'onoang'ono adali atadandaula kwa zaka kuti nsomba zikuchepa ndiponso zikucheperachepera msinkhu. Sadamvedwe, chifukwa zombo zikuluzikulu zinkabwerabe zodzaza. Zida zake zinkatha kupeza magulu otsala a nsombazo.

Kuchokera m'zolephera zotere mudatuluka mawu amene lero ali pakamwa pa bungwe lililonse: kuyang'anira mogwirizana, kutanthauza kuti boma ndi eni dera agawane udindo. Kwathu kuno adayamba kuyesa zimenezi mu 1993 panyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa Shire, chambo chitatha mochititsa mantha ndipo maukonde a maso ang'onoang'ono monga nkacha ndi khoka la kambuzi atachuluka. Adakhazikitsa makomiti a m'magombe, amene anthu amangowatcha ma BVC, ndipo lamulo la zausodzi la mu 1997 lidatsegula njira yoti anthu a m'midzi azitenga mbali. Chambo cha ku Malombe sichidabwerere mmene chidalili. Ofufuza adapeza zifukwa zingapo: m'makomiti ena mudalowa anthu osakhala asodzi, mudabuka kulimbirana mphamvu ndi mafumu, ndipo ambiri ankaona makomitiwo ngati nthambi ya boma osati chinthu chawo.

Apa ndi pamene ndimadandaula ndi mmene mawuwa timawagwiritsira ntchito. Komiti ikapatsidwa ntchito yolondera koma osapatsidwa mphamvu yopanga lamulo, yoweruza wolakwa ndi yoletsa mlendo, imeneyo ndi ganyu yaulere. Mfundo ina ya Ostrom imanena ndendende za ichi: boma livomereze ufulu wa anthu wodzipangira malamulo awo, ndipo lisawagwetse mphwayi pomasula amene iwo amugwira.

Nyanja ya Malawi ndi yaikulu kuposa gombe lililonse. Usipa sudziwa malire a mfumu, asodzi amasamuka kutsata nsomba, ndipo zombo zokoka maukonde zikalowa m'madzi osaya zimawononga malo oswanirana, pomwe komiti ya pagombe ilibe bwato lozithamangitsira. Pa chuma chachikulu chotere akatswiri amalankhula za maulamuliro osanjikizana: gombe lisamale zake, magombe oyandikana agwirizane pa nyengo yotseka, khonsolo ya boma iweruze milandu yodutsa malire a mafumu, ndipo nthambi ya zausodzi ilimbane ndi zombo zikuluzikulu ndi ogulitsa maukonde oletsedwa. Msodzi wa pagombe angavomere kupachika khoka lake miyezi iwiri ngati akuona kuti chombo cha munthu wolemera nachonso chikumangidwa chikaphwanya lamulo.