Kuchokera ku Yalta Kufika ku Lizulu: Chiyambi cha Mpikisano wa Maiko Awiri Amphamvu

Munthu amene wayendapo pa mseu wochokera ku Ntcheu kunka ku Dedza amadziwa kuti pa malo ena, monga pa Lizulu, mseuwo ndiwo malire: dzanja ili ndi Malawi, dzanja ilo ndi Mozambique. Anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi, Angoni a kwa Maseko ndi Achewa, amene pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la chaka cha 1891 linawagawa pakati. M'chaka cha 1986 ndi zaka zotsatira, anthu zikwizikwi a ku Angonia anaoloka mseu umenewu atasenza mitolo, kuthawa nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO, ndipo pofika 1992 Malawi inali itasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Kuti timvetse bwino masautso a abale athuwo, tiyenera kubwerera ku Ulaya wa chaka cha 1945, pakuti ina mwa mizu ya nkhondoyo inamera kumeneko.

Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, America, Britain ndi Soviet Union anamenya nkhondo ali mbali imodzi. Chimene chinawagwirizanitsa chinali mdani mmodzi, Adolf Hitler, osati chikondi. M'mwezi wa February 1945, Franklin Roosevelt, Winston Churchill ndi Joseph Stalin anakumana ku Yalta nagwirizana kuti Germany igawidwe m'zigawo zoyang'aniridwa ndi opambana, ndi kuti maiko omasulidwa, makamaka Poland, achite masankho aufulu. Koma mdaniyo atagwa mu May 1945, chingwe chimene chinawamanga pamodzi chinaduka. Pa msonkhano wa ku Potsdam, mu July ndi August chaka chomwecho, Harry Truman, amene analowa m'malo mwa Roosevelt, ndi Stalin anali atayamba kale kukayikirana.

Tikafuna zifukwa za udani umenewu, tipeza zitatu. Choyamba ndicho kusiyana kwa chiphunzitso. Chikomyunizimu, potsata Karl Marx ndi Vladimir Lenin, chinkaphunzitsa kuti mbiri ya anthu ndi kulimbana kwa eni chuma ndi antchito, ndi kuti minda ndi mafakitale ziyenera kukhala m'manja mwa boma lolamulidwa ndi chipani chimodzi. Chikapitolizimu chinkatamanda ufulu wa munthu wokhala ndi chuma chakechake ndi kuchita malonda mopikisana. Komabe kusiyana kumeneku kunalipo chiyambire 1917, ndipo pakokha sikunabale mpikisano wa dziko lonse.

Chachiwiri ndicho mantha. Soviet Union inataya anthu pafupifupi 27 miliyoni pa nkhondoyo, ndipo Stalin anatsimikiza kuti maiko a kum'mawa kwa Ulaya akhale ngati mpanda woteteza dziko lake. Anachita mantha kwambiri America itaponya bomba la atomiki pa Hiroshima pa 6 August 1945. Nawonso Aamerika, poona Stalin akuika maboma omumvera ku Poland, Romania ndi Bulgaria, anaganiza kuti akufuna kumeza Ulaya yense. Chimene wina ankachitcha kudziteteza, mnzake ankachiona ngati kuputa.

Chachitatu ndicho kugwa kwa maufumu akale. Germany ndi Japan zinagonja, Britain ndi France zinatsala zolefuka ndi zangongole. Panatsala amphamvu awiri okha, ndipo akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi.

Zinthu zinayenda mofulumira. Mu March 1946 Churchill, polankhula ku Fulton, anati Ulaya wagawika ndi chinsalu chachitsulo. Mu March 1947 Truman analonjeza thandizo kwa Greece ndi Turkey, nanena kuti America idzatchinjiriza maiko oopsezedwa ndi chikomyunizimu. Mu June chaka chomwecho George Marshall analengeza thandizo lomangiranso Ulaya, limene linafika madola pafupifupi 13 biliyoni. Stalin analetsa maiko a mbali yake kulilandira. Mu February 1948 achikomyunizimu analanda boma ku Czechoslovakia. Kuyambira June 1948 mpaka May 1949 Stalin anatseka njira zapamtunda zolowera ku West Berlin, kotero kuti chakudya ndi malasha zinkabwera pa ndege. Mu 1949 munabadwa bungwe la NATO, Soviet Union inaphulitsa bomba lake la atomiki, ndipo Mao Zedong anatenga ulamuliro ku China. Nawo Mpingo unalawa zowawa, pakuti mu February 1949 Kadinala József Mindszenty wa ku Hungary anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Popeza mbali zonse ziwiri zinali ndi bomba lotha kupululutsa mizinda, sizinayerekeze kumenyana maso ndi maso. Nchifukwa chake Azungu anaitcha nkhondo yozizira. Koma inali yozizira kwao kokha. Ku Korea, kuyambira 1950 mpaka 1953, kunafa anthu mamiliyoni. Ngakhale asilikali a Nyasaland a gulu la King's African Rifles, amene anamenya nkhondo ku Burma, anatumizidwanso ku Malaya m'zaka za m'ma 1950 kukalimbana ndi zigawenga zachikomyunizimu.

Tsono tibwerere kwathu. Portugal, imene inkalamulira Mozambique, inali imodzi mwa maiko amene anayambitsa NATO mu 1949, ndipo maiko a kumadzulo sanafune kuikakamiza kwenikweni kuti isiye maiko amene inkawalamulira. FRELIMO, imene inakhazikitsidwa ku Dar es Salaam mu 1962 motsogozedwa ndi Eduardo Mondlane, niyamba nkhondo mu 1964, inapeza zida ku Soviet Union ndi ku China. Mozambique italandira ufulu pa 25 June 1975, boma la Samora Machel linalanda sukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo mu 1977 FRELIMO inadzitcha chipani chotsata Marx ndi Lenin. RENAMO inaleredwa ndi boma la Azungu la Rhodesia, pambuyo pake ndi la South Africa, amene ankanena kuti akulimbana ndi chikomyunizimu. N'zoona kuti nkhondoyo inalinso ndi zifukwa za m'dziko momwemo, monga kukakamiza anthu kukhala m'midzi ya boma ndi kunyoza mafumu. Koma mfuti zinkachokera kunja. Mu October 1985 ansembe awiri a Chiyezuiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera, m'dera la Angonia, tsidya lina la malire athu.

Nayo Malawi inasankha mbali. Dr. Kamuzu Banda anapalana ubwenzi ndi Taiwan mu 1966 ndi South Africa mu 1967, ndipo maiko a kumadzulo, pomuona ngati bwenzi, sanalankhule zambiri za anthu otsekeredwa popanda mlandu. Khoma la Berlin litagwa mu 1989 ndi Soviet Union itatha mu 1991, zinthu zinasintha. Aepiskopi athu analemba kalata yao ya pa Lenti mu March 1992, maiko opereka thandizo anaimitsa ndalama zina mu May, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri. Ku Roma, pa 4 October 1992, FRELIMO ndi RENAMO zinasaina mtendere mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira, ndipo othawa nkhondo anayamba kubwerera kwao.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya Sollicitudo Rei Socialis ya 1987, anadzudzula mbali zonse ziwiri chifukwa chosandutsa maiko osauka zida za mpikisano wao. Abale anga ansembe ndi aseminale, ambiri mwa akhristu amene timawatumikira m'malire muno anabadwira m'misasa imeneyo kapena anaika abale ao m'manda a chilendo. Maiko amphamvu akadzabweranso ndi mphatso napempha kuti tisankhe mbali, tidzafunse poyamba kuti mbali imeneyo idzamuchitira chiyani mlimi wa mbatata wa ku Tsangano.